Supuni Yachitatu

Lamlungu, 4 Meyi

Linali Lamlungu ngati la lero pamene tinakhala komaliza atatu pa tebulo. Ndililembe ndisanayambe kulikometsera, chifukwa obwera kudzapepesa andiphunzitsa kale kunama. Aliyense akuti mkazi wanga anali wofatsa. Sanali wofatsa. Ndinkamutcha Boma, ndipo dzinalo analilandira tsiku lomwelo popanda kufunsa kuti n'chifukwa chiyani.

Nyumba yathu ya malamulo inayamba mwana wathu atalowa Fomu 3 n'kusankha phunziro la za boma ndi ndale. Ine ndinkafuna atenge za sayansi. Ndinati ndale sizidyetsa munthu, kupatula andalewo. Ndinagonja. Mtsikanayo ankaloweza mokweza mbali ina ya tebulo, mayi ake akusoka mbali inayo, ndipo zonse zinkalowa m'makutu mwa Boma pamodzi ndi phokoso la makina. Posakhalitsa Lamlungu lililonse tikatha kudya kunkakhala msonkhano. Wovomera akweze supuni. Mwana anakhala Sipikala (mwachidule Sip.), ine mbali yotsutsa. Sindikukumbuka bilu imene ndinapambanapo.

Tsikulo bilu inali ya njinga yanga yakufa imene ili pakhonde. Boma anati ikukola zovala za makasitomala akamalowa. Ine ndinati ikungofuna tcheni. Sip. anagogoda tebulo: "Olemekezeka a mbali yotsutsa, nkhani ya tcheniyi tinayamba kuimva ndili ku pulayimale." Masupuni awiri m'mwamba. Yanga ndinapitiriza kudyera. Boma anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu kodula, n'kuti, "Bambo ake, tikukupatsani sabata." Kenako tinamwa tiyi, iye n'kuyesa diresi lobiriwira la kasitomala pa mapewa a mwana, ine n'kusinza pampando. Basi. Ndi zonse za tsikulo.

M'mawa mwake anayamba kusoka diresilo, pakati pa msoko n'kunena kuti mutu ukumupweteka, agoneko pang'ono. Lachitatu tinachoka ku chipatala popanda iye.

Singano ikadali m'nsalu pomwe anaisiya. Supuni yake ndinaipeza mu kapu pafupi ndi makina, ndipo ikadali momwemo. Njinga nayo ili pakhonde. Otsutsa apambana.

Lolemba, 5 Meyi

Ku sitolo kumene ndimagwira ntchito kwabwera simenti ndi malata. Tsiku lonse kulandira katundu, msana wauma.

Tadya mbale zili pamiyendo, monga tikuchitira masiku onsewa. Tebulo lonse ndi la Boma: makina, nsalu, mapepala ake odulira, sizasi, choko. Sip. akuwerengera pabedi. Wandiuza kuti mayeso omaliza ayandikira. Ndati ndikudziwa.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndikuvula nsapato, Sip. waima pakhomo manja kumbuyo ngati wabwera kudzapempha ntchito.

"Adadi, Lamlungu nyumba ikumana."

"Nyumba yake iti?"

"Mukuidziwa. Pali bilu."

Bilu yake ndi ya tebulo. Zinthu za mayi ake zichoke, iye awerengerepo. Akuti khosi likumupweteka, ndipo mapu a phunziro lina sakwana pabedi. Ndati nanga alipo amene wathetsa mabenchi a kusukulu? Akuti kusukulu amatseka msanga. Ndati ndamva. Akuti malamulo amafuna kuti phungu adziwitsidwe nthawi ilipo, ndiye wandidziwitsa.

Mwana ameneyu amakweza chibwano ngati mayi ake. Palibe anandichenjeza kuti zimenezi nazonso zimatsala.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndatenga buku lakale la Sip. la Fomu 3 pansi pa bedi, ndapita nalo ku ntchito. Pa nthawi ya nkhomaliro ndakhala pa matumba a simenti n'kumawerenga. Ine amene ndinalekeza Fomu 2, ndiponso amene ndinati phunziroli n'lotayitsa nthawi.

Dalaivala wa lole yathu wandipeza. "Akulu, mukufuna kuimira uphungu? Mundiuziretu, ndiyambe kukuyamikirani lero."

Bukulo si loipa. Nthambi zitatu za boma, iliyonse kuyang'anira inzake kuti isadye yokha. Ndapeza zimene ndimafuna chakumapeto: bilu imadutsa ovomera akaposa okana. Akafanana, yagwa. Ndawerenga kawiri, chala chili pamzere. Ndiye kuti anthu anaphunzira mpaka kuyunivesite kuti alembe mmene munthu angakanire chinthu mwaulemu.

Lamlungu, 11 Meyi

Nyumba yakumana pa sofa.

Sip. walankhula bwino, ndisaname. Mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Sakufuna kutaya kanthu, akuti, kungosuntha. Ine ndati mbali yotsutsa ikuona kuti nthawi sinakwane. Wandifunsa kuti ikwana liti. Ndati funso limenelo ndidzayankha polemba.

Supuni yake m'mwamba. Yanga pansi.

"Zafanana," akutero, "ndiye Sipikala ndi amene amadula mlandu. Bilu yadutsa."

Ndati ayi. Sipikala amadula mlandu ngati sanavote. Inu mwavota kale ngati phungu. Munthu mmodzi sakweza masupuni awiri.

Wandiyang'ana. "Mwazitenga kuti zimenezi?"

"Ndimawerengako."

"Ndiye buku langa lili ndi inu. Ndalifuna kuyambira Lachisanu."

Kenako maso ake apita pa tebulo, pa kapu ija. Supuni ya mayi ake ikadali m'menemo. Wangoti, "Tatsala awiri, Adadi. Ndiye kuti m'nyumba muno palibe chidzasinthe mpaka kalekale."

Ndati ndi malamulo, mwana wanga, sindinawalembe ndine.

Koyamba kupambana chiyambireni nyumba ya malamuloyi. Mpunga wanga wazizira m'mbale, ndaupatsa galu wa aneba.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kwabwera mwini diresi lobiriwira. Mayi wamanyazi, wayamba ndi kupepesa, kupepesanso, kenako nkhani. Mwana wake akumaliza maphunziro a unamwino kumapeto a mwezi uno, ndipo mayiyo ankafuna kuvala diresilo tsiku limenelo. Akuti ngakhale losatha alitenga, akapereke kwa telala wina.

Ndamuuza kuti lili pansi pa singano. Akuti si vuto, singano imakwezeka. Ndati ndikudziwa, koma nkhaniyi tikukambiranabe.

Wasuzumira pakhomo, waona tebulo, wandionanso ine. "Pepani bambo, ndibweranso." Potuluka siketi yake yakodwa pa chopalasira cha njinga, yang'ambika pang'ono m'mphepete. Akuti musadandaule. M'nyumba ya telala mulibe woisoka.

Lachinayi, 15 Meyi

Mlamu wabwera, mkulu wake wa mkazi wanga. Boma ankamutcha Mayiko Akunja, chifukwa thandizo lake limabwera ndithu, koma limabwera ndi malangizo. Lero wabweretsa buledi, sopo ndi maganizo.

Walowa kuchipinda kwa mwana, watuluka atagwira m'chiuno. "Alamu, mwanayu akuwerengera pabedi ngati wodwala. Inu simukuona?" Kwawo kuli chipinda chimene chinatsala mwana wawo atakwatiwa. Muli tebulo, mpando, zenera lalikulu. Amutenge, akuti, mpaka mayeso okha.

Mawu akuti okhawo ndikuwadziwa. Wailesi yathu yaing'ono anaibwereka ya maliro a apongozi okha.

Akutinso za pa tebulo ndi za mu wadiropu atha kuzilongedza masana amodzi, ine ndisavutike. Sip. wayesa nzeru: bwanji amayi aakulu apatsidwe supuni, tikhalenso atatu? Ndati sizingatheke, si nzika. Mlamu wafunsa kuti tikukamba chiyani. Mwana waseka, koyamba pa nthawi yaitali, kenako wadziletsa ngati waba.

Pomuperekeza mlamu wandigwira mkono pa geti. "Nanenso ndi mng'ono wanga, alamu. Si inu nokha." Ndamutsegulira geti.

Loweruka, 17 Meyi

Ndapukuta fumbi pa tebulo mozungulira chinthu chilichonse, osasuntha. Ntchito yovuta kuposa kuchotsa.

Lamlungu, 18 Meyi

Ndinakonzeka. Ndinali ndi mfundo ziwiri zatsopano, ina ya komiti yofufuza. Koma Sip. sanabwere ndi supuni, wabwera ndi pepala la homuweki.

Funso la aphunzitsi awo: fotokozani zimene zimachitika dziko likakhala ndi malamulo abwino koma lopanda njira yothetsera kusamvana. Wandiwerengera yankho lake. Wakhoza bwino, aphunzitsi alemba pambali kuti chitsanzo chake n'chomveka. Dziko la m'chitsanzocho lili ndi aphungu awiri. Sanalitchule dzina. Mzere womaliza ukuti: zikafika pamenepo nzika zimayamba kusamuka.

"Lachisanu amayi aakulu abwera kudzanditenga. Izi sizifuna voti, Adadi. Ndi ufulu woyenda."

Ndati n'zoona, zili m'buku.

Ndimaganiza kuti zathera pomwepo. Wapinda pepala, walipindanso, mpaka latsala kanthu kakang'ono. Kenako walankhula osandiyang'ana, ndipo sanali Sipikala.

"Mukuganiza kuti ndikufuna kuwachotsa amayi? Khosi silikundipweteka ayi, ndimanama. Ndikalowa muno n'kuona nsalu ija pa makina, ndimaona ngati angodzuka pang'ono, akubwera. Ndimakhala pabedi n'kumamvetsera. Munthu sangawerenge akudikira."

Ndafuna kunena kuti nanenso n'chimodzimodzi, kungoti ine kudikirako ndi kumene ndikukufuna. Ndati tiyi wazizira, ndikatenthetse.

Lolemba, 19 Meyi

Chikwama chachikulu cha Sip. chatsika pamwamba pa wadiropu. Chili pafupi ndi chitseko, chotsegula pakamwa.

Lachiwiri, 20 Meyi

Pa matumba a simenti. Ndimafuna ndime yoletsa nzika kutuluka m'dziko. Ilipo, koma mayiko amene amachita zimenezo bukuli silikuwayamikira.

M'malo mwake ndagwera pa zina. Akuti lamulo likadutsa limagwirabe ntchito ngakhale boma limene linalipanga litachoka. Silifa nalo limodzi. Limadikira woti alikwaniritse.

Ndatseka buku. Dalaivala wafunsa ngati kampeni yavuta. Ndati simenti yandilowa m'maso.

Anandipatsa sabata.

Lachitatu, 21 Meyi

Ndadzuka m'mawa, ndakankha njinga mpaka kwa wokonza njinga wa pa kona. Matayala akuphwa, ikulira njira yonse ngati ikudandaula kwa odutsa. Ndamuuza kuti aitenge, achotse zimene angagwiritse ntchito, zotsala ataye.

Waitembenuza, wazunguza gudumu, wagogoda apa ndi apo. "Bambo, mukutayiranji? Iyi ndi njinga yabwino. Ikungofuna tcheni."

Ndamuuza kuti abwereze. Wabwereza.

Zaka zonsezi ndinali wolondola, ndipo mboni yapezeka. Ndaima pamenepo ngati chitsiru, ndikufuna kuthamangira kunyumba kukanena. Kwa ndani?

Ndaisiya komweko. Lamulo silinati ikonzedwe, linati ichoke.

Madzulo Sip. waima pakhonde, akuyang'ana pamene pankakhala njinga. Simenti yake ndi yoyera kuposa pena ponse.

"Ili kuti?"

"Bilu inadutsa. Munalipo."

Walowa m'nyumba. Chikwama chikadali pa chitseko, tsopano muli nsapato ndi mayunifolomu.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndapempha tsiku ku ntchito. Ndadikira mwana apite kusukulu. Buku likuti olanda boma amachita zimenezi anthu asanadziwe, ndipo amayamba ndi malo ofunika.

Ndapita kukaitana mnzake wa Boma, amene amasoka pakhonde la sitolo ya mankhwala. Mkazi wanga ankamutcha Mabatani chifukwa sabweza mabatani obwereka. Makina ake ndi okalamba, amadumpha msoko, ndipo Boma ankamunena kuti tsiku lina adzasokera kasitomala m'kati mwa diresi.

Wafika, waima patsogolo pa tebulo, wapukuta manja pa siketi. Akuti, "Achimwene, ndikweze singano?" Ndati ayi, mumalize kaye msokowo pomwepo. Wakhala pa mpando wa Boma, wadontheza mafuta, wagwira chopukusira.

Phokoso lija. Sindinaganize za phokoso. Ndatuluka, ndakaima pakhonde pamene panali njinga. Aneba atulutsa mutu pa zenera, kenako aubweza msanga.

Atafika kumapeto a msoko wandiitana. "Bwerani mukweze nokha." Ndati sindidziwa. Akuti zunguzani gudumu molozetsa kwa inu, pang'onopang'ono. Ndazunguza. Singano yatuluka m'nsalu mosavuta, ngati sinakhalemo n'komwe. Wakweza kaphazi kopanikiza nsalu, wadula ulusi. Chinthu chimene ndachilondera nthawi yonseyi n'chopepuka kuposa kutsegula botolo.

Makina ndamupatsa. Wakana, ndakakamira, walira, wawatenga. Diresi lobiriwira alimaliza mawa n'kukapereka yekha kwa mwini wake, ndipo ndamuuza kuti asokenso siketi imene inang'ambika pa njinga. Nsalu zina zonse zinali ndi mayina a eni ake pa timapepala tobaya ndi mapini, azibweza. Chitini cha mabatani ndamuuza kuti atenge, ambiri mwa amene akusowamo ali kale kwawo. Waseka akulira.

Zovala za mu wadiropu ndapinda ndekha. Sindipinda bwino. Ndasiya juzi yofiirira, sizasi ndi tepi yoyezera, ndaziika pabedi la mwana. Magalasi a Boma ndaika m'thumba la jekete langa, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo sindikufuna kufunsidwa.

Tebulo ndatsuka ndi sopo. Patsala mabala anayi pamene pankaponda makina. Sachoka.

Sip. wabwera, waima pakhomo chikwama cha mabuku chili kumsana.

"Adadi, uku ndi kulanda boma."

"Ndi choncho."

"Popanda voti."

"Mukadandaule ku khoti."

Wazungulira tebulo, wayendetsa chala pa mabala aja. Ndimayembekeza kuti akhala mbali yake yakale. Wakoka mpando wa mayi ake. Watulutsa mabuku, wayala mapu, akwana n'kutsalako malo. Kenako wagoneka mutu pa mapupo, mapewa akugwedezeka. Ndaima kumbuyo kwake, dzanja langa pa mpando. Patapita nthawi wadzuka, wamina, n'kuti, "Mundibwezere buku langa. Muli zimene zibwere pa mayeso."

Kapu yokha ndaisiya pa zenera, supuni ili momwemo.

Lachisanu, 23 Meyi

Mayiko Akunja afika ndi takisi monga anapanganirana. Apeza wothawa kwawo atavala juzi yofiirira, ali pa tebulo, akuloweza ntchito za makhoti. Chikwama chachikulu chinali chodzaza ndithu, koma ndi zovala za mng'ono wawo. Mlamu watsegula, wanunkhiza bulauzi imodzi, wakhala pansi. Atapeza mawu akuti, "Mwapinda ngati mukulongedza misomali, alamu." Wapindanso zonse. Ponyamuka wauza mwana kuti chipinda chija chilipobe. Mwana wathokoza mwaulemu, wati dziko lake layamba kukhazikika.

Atapita ndatenga supuni ija mu kapu. Inali ndi kadontho ka tiyi kouma pakati. Ndaitsuka, ndaipukuta, ndatsegula dirowa. Masupuni athu tinagula tsiku limodzi, onse ndi ofanana. Ndaiponya pakati pa anzake, ndatseka, ndagwedeza dirowa.

Chakudya tadyera pa tebulo. Sip. akuyala mbale wayang'ana pa zenera.

"Ili kuti?"

"M'dirowa."

Watsegula. Wayang'ana nthawi yaitali, akusuntha imodzi imodzi ndi chala. Watenga awiri, wandipatsa imodzi, inayo waigwira m'mwamba pang'ono ngati akufuna kuvota.

"Nanga ngati ndi iyi?"

"Idyereni."

Tadya. Sindikudziwa kuti inali m'dzanja la ndani, kapena ngati inatsala m'dirowa.